Jupiter kuseri kwa nyumba: mmene mungayambire kuona mapulaneti ndi zida zanu zomwe

M'bandakucha wa pa 31 Meyi 2020 bambo wina wa ku Centurion, kufupi ndi Pretoria uko, dzina lake Clyde Foster, anali pakhomo pake akujambula Jupiter ngati mmene ankachitira masiku onse. Munthuyu si wa NASA ayi, ndi injiniya woti anapuma pantchito, kungoti usiku iye ndi telesikopu basi. Tsiku limenelo anaona kadontho kowala cha pafupi ndi banga lofiira lalikulu la Jupiter lija, koti pa zithunzi zomwe anzake a ku Australia anajambula maola ochepa m'mbuyomo kanalibepo. Patangopita masiku awiri, pa 2 Juni, chombo cha NASA chotchedwa Juno chinadutsa pamwamba pa malo omwewo n'kujambula chapafupi, kunali namondwe watsopano amene anangophulika kuchokera pansi pa mitambo. Mpaka lero akatswiri amangoti Clyde's Spot.

Ine chimene chimandikhudza pankhaniyi si telesikopu yake, ngakhale inali yaikulu ndithu. Ndi choti bamboyo ankamudziwa Jupiter ngati nkhope ya mwana wake, ndiye kachiphuphu katangotuluka anadziwa pompo kuti aka dzulo kanalibe. Ndiye malangizo angawa akulowera kumeneko, mmene mungafikire pomudziwa. Thambo lake ndi lomweli, ndipo ife kuno kwathu tili pabwino kuposa azungu a ku London, chifukwa Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa equator, mapulaneti amakwera m'mwamba kwambiri, osati kumangokwawa cha m'munsi ngati mmene zimachitikira nthawi zina kwawoko.

Yambani ndi maso okha, osagula kanthu

Mapulaneti asanu amaoneka popanda chida chilichonse: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Venus mumamudziwa kale, ndi nthanda ija agogo ankadzukira popita kumunda, ndipo yomweyonso nyengo zina imaoneka madzulo kumadzulo dzuwa likangolowa. Kusiyanitsa kwake ndi kophweka, nyenyezi imaphethiraphethira koma pulaneti imangowala phee osaphethira kwenikweni. Komanso mapulaneti sayenda chisawawa, amatsata msewu womwe dzuwa ndi mwezi zimadutsa, kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, ndiye mukaona chowala kwambiri chili kutali ndi msewu umenewo, imeneyo ndi nyenyezi wamba.

Ikani pulogalamu yoonetsa thambo ya Stellarium pafoni, ilipo yaulere, ndipo ikangolowa sifunanso bandulo. Muiuze komwe muli, kaya ndi Zomba kaya Chipata kaya Tete, muloze foni kumwamba izikuuzani mayina. Koma musamangodalira foniyo, mukachita sabata imodzi kapena ziwiri mukutuluka nthawi yomweyomweyo muyamba kuona nokha kuti Jupiter lero watuluka msanga pang'ono kuposa sabata yatha, ndipo poyerekeza ndi Nsangwe kapena Akamwiniatsatana mudzaona pakapita miyezi kuti wasuntha pomwe nyenyezizo zili mmene zinalili. Mars ndi wofiirira, Saturn ngwachikasu chozilala, Jupiter ngwoyera kuti mbee. Mercury musavutike naye poyamba, amabisala kufupi ndi dzuwa.

Kenako mabainokyula

Ngati pali wina ali nawo, kaya amalume omwe anagwirako ntchito ku game, bwerekani. A 10x50 ndi abwino, 10 ndi kukuza kwake, 50 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita. Vuto ndi manja, amanjenjemera ngakhale mutakhala wamphamvu bwanji, ndiye tsamiritsani zigongono pa mpanda kapena pa denga la galimoto, ine ndinkasanjika pa mtondo woutembenuza nditakhala pa chigubu. Lozani Jupiter mudikire. Muona timadontho ting'onoting'ono tili pamzere umodzi mbali ndi mbali, nthawi zina tiwiri, titatu, mwina tinayi. Imeneyo ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo anaiona mu Januwale 1610 ndi katelesikopu kofooka kuposa zambiri za masiku ano. Mawa lake mukayang'ananso mupeza tasinthana malo, makamaka Io amene amazungulira Jupiter m'maola pafupifupi 42 okha. Tengani kope mujambule, kabwalo pakati, timadontho m'mbali, deti ndi nthawi. Zikuoneka ngati zachibwana koma ntchito yonse yayambira pamenepa.

Kugula telesikopu, apa ndi pomwe anthu amalira

Pa bokosi akalemba zikuluzikulu kuti imakuza ka 525 kapena ka 675 koma chigalasi chake n'chaching'ono ngati kukamwa kwa kapu, isiyeni, ndi chidole. Chofunika si kukuza, ndi kukula kwa galasi kapena kalilole amene amakolola kuwala. Lamulo la chala ndi loti kukuza kwa phindu sikupitirira kawiri pa milimita iliyonse, ndiye ya 70mm imathera cha pa 140, ya 114mm cha pa 230, kupitirira pamenepo mukungokulitsa chimbuuzi. Ndipo masiku ambiri mpweya sulola n'komwe kufika pamenepo.

Kuti mudziwe kuti mukukuza kangati, tengani nambala ya focal length yolembedwa pa thupi la telesikopu mugawe ndi nambala ya pa eyepiece, kagalasi kosuzumirapo kaja. Yanga ndi ya 900mm, ndikaika eyepiece ya 25mm ndimapeza 36, ndikaika ya 10mm ndimapeza 90. Ndipo pa 90 pomwepo mphete za Saturn zimaoneka bwinobwino, mizere iwiri yoderako ya pamimba pa Jupiter imaonekanso.

Yangayo ndi ya kalilole ya 114mm, yakaunjika, anabwera nayo alamu anga kuchokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete, ndipo miyendo yake inali yogwedera moti ukangopuma pafupi chithunzi chimavina. Ndinamangirira chigubu cha madzi cha malita 5 pakati pa miyendoyo, chinathandiza. Ndikanakhala ndikugula lero ndikanasankha mtundu wa Dobsonian wa 150mm kapena 200mm, umenewu umakhala pa kabokosi ka matabwa kozungulira, palibe zomangamanga zambiri, umangokankha ndi dzanja, ndipo kabokosiko kalipentala wa pamsika atha kukhoma. Miyendo yolimba ndi theka la telesikopu, izi anthu amazindikira atagula kale.

Chimodzi chokha chomwe sindinena moseka: musadzalozetse telesikopu kapena mabainokyula ku dzuwa. Diso limapsa m'kamphindi ndipo silichira. Magalasi akuda, galasi lofukiza utsi, CD, zonsezo sizitchinjiriza. Masana chidacho chizikhala chotsekera poti ana asachipeze.

Malo ndi nyengo

Mapulaneti safuna mdima wa kumudzi, amawala mokwana ngakhale pakati pa Ndirande, ndiye musadikire kuti magetsi athime, ngakhale akathima zimakomabe. Mdani weniweni ndi mpweya wotentha. Malata akhala akuwotchedwa tsiku lonse, usiku amatulutsa kutenthako, ndiye mukayang'ana pulaneti ili pamwamba pa denga la malata imaoneka ngati ili pansi pa madzi owira. Chimodzimodzi pamwamba pa mbaula, pa khitchini, pa msewu wa tala. Imani pa udzu kapena pa dothi, mudikire pulanetiyo ikwere, ikakhala m'munsi cha ku mapiri mukuiona kudzera mu mpweya wochuluka. Telesikopu itulutseni panja mphindi 30 musanayambe kuti izizire mofanana ndi kunja, apo ayi mpweya wa m'kati mwake momwemo ukusokonezani.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti thambo limakhala loyera, kungoti kuzizira, valani chijuzi ndi masokosi, ndipo a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chikabwera ingogonani. Sepitembala ndi Okutobala kumakhala utsi wa lupsa ndi fumbi, nyenyezi zimazilala, koma chodabwitsa n'choti usiku wina wa chifunga choterocho mpweya umakhala bata ndipo Saturn amaoneka mwakuthwa kwambiri. M'bandakucha nthawi zambiri ndi bwino kuposa madzulo poti nthaka yazizira. Mame akagwa pa galasi osapukuta ndi malaya, mukanda, ingolowetsani m'nyumba liume lokha.

Pulaneti imakula ndi kuwala kwambiri nthawi imene dziko lathu lili pakati pa iyo ndi dzuwa, amati opposition, imatuluka dzuwa likamalowa n'kukhala usiku wonse. Jupiter zimamuchitikira miyezi 13 iliyonse, Mars miyezi pafupifupi 26. Tsoka lake zaka zino Jupiter zikumugwera m'dzinja, Januwale 2026 kenako Febuluwale 2027, Mars nayenso Febuluwale 2027, nthawi ya mitambo yeniyeni, ndiye muzingobera pomwe kwang'ambika, mvula ikangokata thambo limatsukika bwino. Saturn ndiye watikomera mtima, wake ndi kumayambiriro kwa Okutobala 2026. Mphete zake zinatipatsa m'mbali mu Malichi 2025 moti zinkangooneka ngati kamzere, panopa zikutsegukanso pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Kuyang'ana kwake

Yambani ndi eyepiece ya nambala yaikulu, ya 25mm, chifukwa imaonetsa dera lalikulu ndipo pulaneti sivuta kuipeza. Katelesikopu kakang'ono kolozera komwe kamakhala pamwamba pa telesikopu yaikuluyo mukakonze masana, lozani nsonga ya mtengo kapena thawala ya foni yakutali mpaka zonse ziwiri zikuloza pamodzi, mukapanda kutero mutha ola lathunthu mukusakasaka mumdima uku udzudzu ukukudyani. Mukaipeza ikani pakati, sinthani eyepiece, potokolani fokasi mpaka pulanetiyo ichepe kwambiri. Inde ichepe. Tsiku langa loyamba ndinaona chibwalo chachikulu chokhala ndi dontho lakuda pakati ndinakuwa kuitana akazi anga kuti bwerani muone, osadziwa kuti fokasi inali kutali, dontholo linali mthunzi wa kakalilole ka m'kati mwa telesikopu yanga yomwe.

Pulaneti izithawa, mphindi imodzi kapena ziwiri yatuluka m'galasi, limenelo ndi dziko lathu likuzungulira, muzikankha pang'onopang'ono. Chithunzi chitha kukhala chozondoka, kumwamba pansi, si kuti yawonongeka.

Ndiye khalani pansi. Pezani mpando, musamayang'ane chiimirire mutawerama. Anthu ambiri amasuzumira masekondi 10 n'kuti basi ndaona, koma diso limafuna mphindi 15 kapena 20 pa pulaneti imodzi. Mpweya umagwedezeka gwedezeke kenako mwadzidzidzi umaima kwa sekondi imodzi, ndipo mu sekondi imeneyo mizere ya Jupiter imatuluka kuti nde, mwina ndi kabanga kofiira m'mphepete mwa mzere wa kumwera, kenako zabalalikanso. Mumakhala ngati mukuwedza, kudikira timasekondi timeneto. Jupiter amazungulira m'maola osakwana 10, ndiye chimene chili pakati pano pakatha maola awiri ndi theka chafika kumphepete, n'chifukwa chake banga lofiira silioneka nthawi zonse, theka la nthawi limakhala kuseri.

Kope ndi wotchi

Chilichonse lembani: deti, nthawi, chida, kukuza, mmene mpweya unalili, ndi chojambula cha pensulo ngakhale chikhale chonyansa. Nthawi muzilemba ya UT, imene anthu onse a zakuthambo amagwiritsa ntchito padziko lonse. Ife tili maola awiri patsogolo, ndiye chotsani 2. Ngati ili 21:40 ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare, lembani 19:40 UT. Samalani pakati pa usiku, 01:15 ya pa 12 kwathu ndi 23:15 UT ya pa 11, apa ndinalakwitsapo kangapo. Foni muiike kuti izitenga nthawi yokha pa netiweki. Munthu amene waona chachilendo koma sakudziwa nthawi yake yeniyeni, akatswiri alibe naye pogwira.

Kujambula

Foni yomweyo ikwana poyambira. Kugwira ndi dzanja pa eyepiece n'kozunza, gulani kapena pangani kachopanira, ine ndinapanga ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki ndi malegeni. Tsitsani kuwala pa kamera mpaka Jupiter asiye kuoneka ngati babu, mizere iyambe kutuluka. Ndipo musajambule chithunzi chimodzi, jambulani vidiyo. Chinsinsi chonse cha anthu ngati Foster chagona apa: vidiyo ili ndi mafulemu masauzande, ambiri ndi oipa koma ena anagwidwa pa timasekondi tabata tija, ndiye pulogalamu ya pakompyuta imasankha abwinowo n'kuwasanjikiza kukhala chithunzi chimodzi chakuthwa. AutoStakkert ndi yosanjikizira, RegiStax ndi yonolera, zonse zaulere, ndipo laputopu yakale imakwanitsa. Vidiyo ya Jupiter isapitirire mphindi 2 kapena 3 poti amazungulira msanga, zinthu zimapakana. Ponola musachite dyera, mukakoka kwambiri mumapanga madontho oti kumwambako kulibe.

Mukadzakula nazo pali timakamera tapadera tolowa m'malo mwa eyepiece n'kulumikiza pa laputopu ndi pulogalamu yojambulira ya FireCapture kapena SharpCap. Koma mavidiyo oyambirira aja musafufute msanga, muona chifukwa chake.

Mukaona chachilendo

Choyamba dzikayikireni. Mwa zinthu zomwe munthu watsopano amati ndatulukira, pafupifupi zonse zimakhala fumbi, mthunzi kapena diso lotopa. Ine chaka china ndinaona kadontho kakuda bii pa Jupiter, mtima unagunda, ndinayamba kale kuganiza zoti dzina langa limveka, ndipo alonda a pa neba amene poyamba ankandiyesa mfiti kaya wosuzumira m'mawindo mwa eni, koma pano ndi mnzanga wa pa eyepiece, anavomereza kuti eya kalipo. Nditayang'ana pa Stellarium unali mthunzi wa Io, umene umadutsa pamenepo pafupipafupi.

Ndiye chitani izi motsatana. Zunguzani eyepiece kapena kamera, dontho likazungulira nawo ndi fumbi lanu. Yang'anani pa pulogalamu ngati pali mwezi kapena mthunzi wake pamalopo. Dikirani mphindi 20 mujambulenso, chinthu chenicheni cha pa Jupiter chimayenda limodzi ndi mizere yake. Kenako fananizani ndi zithunzi zanu za masiku apitawo za mbali yomweyo, pulogalamu ya WinJUPOS imathandiza kudziwa kuti ndi mbali iti imene inatiyang'ana.

Ndi zomwe anachita Anthony Wesley wa ku Murrumbateman ku Australia pa 19 Julayi 2009. Ali ndi telesikopu yake ya mainchesi 14.5 anaona banga lakuda cha kumwera kwenikweni kwa Jupiter, poyamba anayesa namondwe wamba, kenako anaganizira mthunzi wa mwezi koma malo ake sanagwirizane, atabwerera ku zithunzi zake za masiku awiri m'mbuyo anapeza kuti panalibe kanthu. Apo m'pamene anatumiza uthenga. Telesikopu ya NASA ya pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii inatsimikiza kuti china chake chinagunda Jupiter, telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble nayo inajambula, bala lake linali lalikulu ngati nyanja ya Pacific. Zinachitika patangotha zaka 15 ndendende kuchokera pamene zidutswa za nyenyezi ya mchira ya Shoemaker-Levy 9 zinagwera pa Jupiter mu Julayi 1994. Matelesikopu akuluakulu a maboma amakhala ndi mzere wa ntchito, sangamangoyang'ana Jupiter usiku uliwonse, ndiye ulonda umenewu uli m'manja mwa anthu a kuseri kwa nyumba.

Mboni yachiwiri ndi yofunika zedi, makamaka pa kung'anima. Pa 3 Juni 2010 Wesley yemweyo anajambula kuwala kwa masekondi awiri okha pa Jupiter, mwala ukupsa mu mpweya wake, ndipo Christopher Go wa ku Cebu ku Philippines anali akujambulanso nthawi yomweyo, vidiyo yake inaonetsa zomwezo, nkhani inathera pompo. Go ameneyu ndi yemwenso mu 2006 anazindikira kuti banga lina loyera la Jupiter lasanduka lofiira. Mu Sepitembala 2012 Dan Petersen wa ku Wisconsin anaona kung'anima ndi diso lake pa eyepiece, alibe kamera, atalengeza nthawi yake George Hall wa ku Dallas anabwerera ku mavidiyo ake a usiku umenewo n'kukupeza. Mwaona ntchito ya wotchi ija, ndi ntchito yosunga mavidiyo. Mu Malichi 2016 Gerrit Kernbauer wa ku Austria anapeza kwake patadutsa masiku angapo akuonanso vidiyo yakale. Pano pali pulogalamu yaulere ya DeTeCt imene imasanthula mavidiyo anu yokha kufunafuna kung'anima koteroko, José Luis Pereira wa ku Brazil anagwira nayo kwake pa 13 Sepitembala 2021.

Kotumiza

Musathamangire pa Facebook kaye kuti ndatulukira pulaneti. Tumizani kwa anthu oti atha kutsimikiza. Kufupi kwathu kuno kuli Astronomical Society of Southern Africa, komwe Foster ankatsogolera gawo loona za mapulaneti. Kuli British Astronomical Association ndi gawo lake la Jupiter, kuli bungwe la oonera mwezi ndi mapulaneti la ALPO ku America, komanso nkhokwe ya zithunzi ya PVOL yomwe ili ku yunivesite ku Bilbao, imene akatswiri amatapamo polemba kafukufuku wawo. Muuthengamo ikani chithunzi, nthawi ya UT, komwe muli, chida chanu, ndipo munene kuti kumwera ndi mbali iti pa chithunzicho. Vidiyo yaiwisi muisunge osaikhudza, adzaifuna. Ngakhale palibe chachilendo zithunzi zabwino amazilandirabe, chifukwa nthawi imene kwathu kuli usiku ku Australia ndi ku Japan kwacha kale, ku America dzuwa lisanalowe, ndipo ku Ulaya mwina kuli mitambo.

Mukamaliza usiku, musavundikire telesikopu ikadali yonyowa. M'dzinja galasi limamera nguwi ngati nsapato ya pansi pa bedi, ndipo ikalowa m'kati kuichotsa ndi ntchito. Ma eyepiece anga amakhala m'kontena ya pulasitiki pamodzi ndi timapaketi touma tija topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo kukamwa kwa telesikopu ndimavundikira ndi kachipewa kosambira, chivindikiro chake chenicheni chinatsalira m'basi pa Mwanza.